Lachiwiri ku Domwe

Mzere wafika pansi pa bulugamu.
Ine muno ndili ndi kaundula, cholembera,
ndi lamba wa pamkono
amene mpira wake ndinamata ndi pulasitala.

A Jerivaziyu Chimphepo alowa, chipewa m'manja,
dothi la kudimba likadali m'zikhadabo.
Ndinawalemba mu Epulo. Uno ndi Ogasiti.
"Ndinachira, adokotala.
Mutu unaleka, nanga mapiritsi ndimwerenji?
Otsalawo ndinapatsa mlamu wanga."

Sindikalipa. Ndipinda malaya awo,
ndipopa, ndipopa, ndimvetsera:
du, du, du,
magazi akugogoda ngati mwini ngongole m'mamawa.
182 pa 110.
Iwo akumwetulira, sakumva kanthu.

Ndiwafunsa za pampu yothirira mbatatesi.
Maso awala, ayamba kufotokoza za mafuta,
za mtengo wa thumba chaka chino.
"Nanga paipi ija munagula ku Ulongwe?"
"Inaphulika."
"Inayamba yakuuzani?"
Ayang'ana pansi.
"Ayi. Dzulo lake inkathira bwinobwino."

Ndisiya mawuwo akhale pakati pathu
ngati mlendo wosowa mpando.

Kenako zija ndimanena kakhumi patsiku:
piritsi limodzi tambala akalira,
mutu uwawe, usawawe.
Mchere wotsina, osati wotapa.
Nsomba youma iyambe yagona m'madzi.
Kachasu wa Loweruka, tikambirane.
Aseka. Pa kachasu pokha aseka.

Kuzenera la mankhwala Felizimina akweza zala zitatu:
masiku makumi atatu, kupitirira apo katoni yatha.
Ndiye mwezi wamawa akwerenso njinga,
zitunda ziwiri ndi mlatho wa mitengo,
kudzatenga chinthu chochepa ngati njere ya mapira.
Ndilemba tsikulo ndi zilembo zazikulu
ngati kukula kwa zilembo kungafupikitse msewu.

Pakhomo atembenuka.
"Mlamu uja, ndibwere naye?
Miyendo ikumutupa, komanso usiku sagona."
"Mawa. Musadikire mwezi."

Dzuwa lapendeka. Khosi langa likukoka kumbuyoku,
chiyambire m'mawa ndamwa tiyi yekha.
Ndikulunga lamba pamkono wanga,
ndigwira mpira, ndipopa kamodzi,
kawiri,

wina agogoda.
Mayi, mwana kumsana, dzanja lili pachipumi.
Ndimasula lamba likadali lofunda,
ndiwalozera mpando.