Mphindi Khumi ndi Imodzi

Mu Łódź mwagwa chipale chofewa,
tramu yomaliza yadutsa ikukukuta njanji,
ine ndidakali pa kompyuta,
kukoka mzinda wa Orvel ndi chala chimodzi
kuti uyandikire doko la Skarn.

Wiesława, bwana wathu, ananeneratu:
"Osewera sachedwa kutopa.
Msewu ukatalika azimitsa gemu, akagone."
Ndiye ndinafinya dziko ngati chovala chonyowa:
mapiri atatu, chipululu, nkhalango ya mizukwa,
zonse kuti msilikali wanga azithamange
m'mphindi khumi ndi imodzi.

Lamlungu bambo anabwera kudzandiona.
Zaka makumi atatu anayendetsa lole
kuchoka kuno mpaka ku Rotterdam,
mtunda amaudziwa ndi msana.
Ndinawapatsa chowongolera.
Hatchi anaikana, kuthamanga anakana,
anayenda wapansi, maso tong'o,
milomo ikugwedera powerenga mapazi.

Atafika pachipata cha Skarn anaseka
mpaka chifuwa chinawagwira.
"Mapazi zikwi ziwiri ndi theka!
Msika wa ku Bałuty uli kutali kuposa apa.
Ukuti mafumu awiriwa amenyana zaka zana?
Bwenzi akubwerekana mchere.
Tambala wa ku Orvel akalira
a ku Skarn amayamba kufuna nsapato."

Ndinatulutsa masamu anga, nkhope itatentha.
M'menemo, ndinatero, dzuwa limafulumira:
mphindi imodzi yathu ndi theka la ola lawo,
choncho ulendowu ndi maola asanu ndi theka,
makilomita makumi awiri ndi kanthu
kwa munthu wa miyendo yabwino.

"Nanga wamalonda uja wa pamlatho,
wati ngolo zimatenga masiku asanu ndi anayi?"
Ndinakhala chete. Mawuwo ndinalemba ndine.
"Ndiye pali wina akunama," anatero,
"wamalonda, dzuwa, kapena iwe."

Anamwa tiyi wozizira kale, nafunsa:
Hatchi zimamwa kuti?
Wodwala m'mimba amaima pati?
Msewu wako wadzaza ngati sitolo ya pa Khirisimasi,
apa chinjoka, apo bokosi la golide.
Msewu weniweni uli ndi pakati
pomwe palibe kanthu,
nyimbo zonse zakuthera m'kamwa,
watsala ndi njala
ndi nyali zofiira za lole ya patsogolo.
Ukafika, mzinda umakoma chifukwa cha pamenepo.

Madzulo ndinawaperekeza kukakwera tramu.
Ndi mamita mazana atatu,
ine ndimawadumpha ndi khofi m'manja
osatayika dontho.
Koma chiuno chawo chinaphwanyika chaka chatha.
Tinaima pa sitolo ya mankhwala.
Tinaimanso pa mpanda wa sukulu,
iwo akunamizira kuwerenga chikwangwani,
mpweya ukutuluka ngati utsi,
dzanja lawo likulemera pa phewa langa.
Sindinafune kuyang'ana wotchi.
Ndinayang'anabe.
Mphindi khumi ndi imodzi.

Tsopano ndi usiku, mapu ali chitsegukire.
Orvel sindingamusunthe, ndalama zinatha,
Skarn anamumanga kale anzanga a pa tebulo lachitatu.
Ndachotsa chinjoka chimodzi pakati pa njira.
Ndachotsanso bokosi.
Patsala chigwa, udzu wouma, mphepo,
ndi mwala wafulati, wofika m'mawondo,
woti munthu n'kukhalapo.

Mawa Wiesława adzafunsa
kuti mwalawo umapereka chiyani kwa wosewera.
Ndikuganizabe chomuyankha.
Pakali pano msilikali wanga wakhala pamenepo,
lupanga lili pa ntchafu,
Orvel sakuoneka, Skarn sakuoneka,
ndipo dzuwa lofulumira lija
lamudutsa kale kawiri.