Laputopu ya Mitembo Itatu

Kalata inafika Lachiwiri,
dzuwa la pa Ngabu likuwiritsa phula pamsewu.
Chanaze, mwana wa mlongo wanga, anaiwerenga chiimirire
pakhomo la kanyumba kanga kokonzeramo mafoni:
wasankhidwa, akaphunzire uinjiniya ku Blantyre.
Tinakuwa mpaka mbuzi za pamsika zinabalalika.
Atafika tsamba lachiwiri, mawu ake anachepa.

Wophunzira aliyense abwere ndi kompyuta yakeyake,
ya memore yakuti, ya liwiro lakuti,
yotha kusenza mapulogalamu ojambulira milatho.
Ndinaimbira mnzanga wa ku Limbe. Anatchula mtengo.
Ndinauwerengera m'ng'ombe: ziwiri ndi kathole.
Ife khola lathu linapita ndi madzi chaka chija,
panatsala chikhomo chimodzi ndi chingwe.

Mayi ake anati agulitsa thonje likadali m'munda.
Ndinati, mlongo, mundipatse milungu itatu.
Ndinayamba kusaka mitembo.

Woyamba ndinaupeza ku Nchalo
kwa kalaliki wa minda ya nzimbe amene anapuma ntchito.
Sikirini inasweka mdzukulu ataikhalira,
koma mtima unkagundabe.
Anatchula zake, ndinaseka, anaseka,
tinakumana pakati, n'kumukonzera wailesi ulere.

Wachiwiri unali ku Bangula,
mu ofesi ya bungwe lina limene linasamuka kalekale.
Unamwa madzi osefukira mpaka kukhuta.
M'kati munali matope ouma ndi mazira a mphemvu,
koma galasi lake mbee, ngati silinaonepo tsoka.

Wachitatu anandininkha aphunzitsi Alufazema,
nati, tola chimene ufuna, chotsala ukataye.
Ndinazula timemore tiwiri, tating'ono ngati malezala,
ndi kiyibodi yoguluka dzino la Q.
Kuno kwathu Q tilemba naye chiyani?

Masiku anayi tinkadikira magetsi a usiku.
Akabwera, ine pa chitsulo chamoto,
udzudzu m'makutu, thukuta likudonthera pa bolodi,
Chanaze atagwira tochi, osaphethira.
Tsiku lachitatu anati, malume, waya uyo mwamuzondotsa.
Ndinakana, ndine wa ntchitoyi zaka khumi ndi zinayi.
Ndinali nditamuzondotsadi.

Itayaka, fani inabuula ngati chigayo cha dizilo.
Mayi ake anathawira panja, kenako nthungululu.

Sindinama, ndi yolumala.
Batire limafa usanamalize kapu ya tiyi.
Ikatentha timaikhazika pa njerwa ziwiri
kuti kamphepo kadutse kumimba.
Mapulogalamu olemera aja siingawanyamule onse.
Amenewo akawapeza m'chipinda cha makompyuta kusukulu,
azilawirira anzake asanadzaze mipando,
kapena apangane ndi wina amene kwawo kuli bwino:
iye amuthandize masamu, winayo amubwereke makina Loweruka.
Ena ndi aulere, anawafufuza yekha,
anawadzaza mu fulashi imene wavala m'khosi ngati mkanda.

Tinaikulunga m'chitenje chakale cha mayi ake,
n'kuigoneka m'chikwama pakati pa malambe ndi masawu ouma.
Kondakitala atafuna kuchiponya kumbuyo
Chanaze anachikumbatira, nakhala nacho pamiyendo.
Masana uthenga unalowa:
tadutsa Thabwa, tikukwera mapiri, ikadali moyo.

Ndikudziwa, anzake adzatsegula zopyapyala, zonyezimira,
zonunkhira sitolo.
Yake chivindikiro n'cha kampani ina, mimba ya ina,
pakona pali selotepi wakuda.
Mwina adzamuseka sabata yoyamba.
Koma ikadzazima pakati pa usiku, mayeso ali mawa,
m'kalasi monsemo ndi iye yekha
amene anaonapo m'mimba mwa makina ake.

Sindinamuuze kuti adzandibwezere.
Ndinangoti mlatho wake woyamba
udzakhale wa pa mtsinje wa Mwanza,
wautali miyendo, woti madzi azidutsa atawerama.

Lero posesa ndapeza tizomangira tisanu pansi pa tebulo.
Ndatiika m'kabotolo ka mankhwala.
Sindikudziwa kuti tinatsala ku mtembo uti.