Wachisanu ndi Chiwiri

Amatenga asanu ndi mmodzi okha.
Obse adachoka nawo mawuwa ku Bekoji,
kumene mphepo ya m'mabulugamu imaluma makutu
ndipo abulu adazolowera kumupatukira m'bandakucha.

Ku Addis mfuti itangolira,
fumbi koboo, zigongono m'nthiti.
Pa kilomita yachitatu wina adamuponda chidendene.
Nsapato yakumanzere, ya mkulu wake, yosokedwa kawiri,
idatsala pa udzu, kukamwa kuli yasa.

Sadacheuke.
Phazi lina linkati gu, lina phwa.
Adapitirira wa malaya achikasu,
adapitirira mapasa aja a ku Asella,
malovu akukoma ngati msomali.
Mzere woyera utaoneka adawerenga misana,
nawerenganso.
Idakwana popanda iye.

Mphunzitsi Gemechu sadanene kanthu.
Adagwada, namasula pini ya pa nambala,
nayamba kuzula munga.

M'basi usiku, phazi lili pa thumba la barele la mwini wake,
nsapato imodzi ili pamiyendo,
adawerenga miyezi yotsala kuti mfuti ilirenso.
Zala zam'manja zidamuthera.
Ziwiri adabwereka kuphazi lotupa lija.