Mpendero wa Diresi la Irmak

Ndine telala pamsika wa Kemeralti, kuno ku Izmir.
Diso langa silinama pa msinkhu wa munthu.
Koma zaka zitatu mpendero wa diresi la Irmak
unali chipindire,
osaumasula ngakhale chala chimodzi,
ine n'kumati watengera mayi ake, ndi wamfupi basi.

Usiku ankadzuka kasanu,
kukamwa pampopi penipeni, kapu ikumuchedwetsa.
Kenako phewa linayamba kugunda zitseko.
Dziko linkamuchepera m'mbali
ngati nsalu yodulidwa mopyola choko.

Dokotala Sevgül anatembenuza chithunzi kuti tione.
Pansi pa ubongo, kuseri kwa mphuno,
pali kachiwalo kosaposa njere ya nandolo.
Ndi kamene kamauza mafupa kuti talikani,
kamauza impso kuti sungani madzi.
Pambali pake panamera chotupa,
chakapsinja ngati mlendo wonenepa
amene wakhalira mwana pampando wa basi.

Anachichotsera m'mphuno. Maola asanu ndi limodzi.
Ine m'khonde la chipatala ndinkasokerera mabatani
pa malaya osasowa batani.

Patapita masiku kunabwera Tolga, mnyamata wa kafukufuku, pepala kumanja.
Akuti tipatseni kachidutswa ka chotupacho
tikasunge mufiriji ndi tizidutswa ta ana ena mazana awiri,
tifufuze chimene chimadzutsa maselo ogona,
mwina tsiku lina mankhwala adzachifwetsa popanda mpeni.
Ndinafunsa, nanga Irmak apindulapo?
Anayang'ana nsapato zake.
Mwina ayi, bambo. Obwera m'mbuyomu.

Zigamba ndimazidziwa ine.
Chotsala pa jekete la wina
chimatseka bondo la mwana amene sindidzamuona.
Ndinasaina.

Tsopano madzulo alionse jakisoni pantchafu,
kapiritsi koletsa ludzu, kena ka chithokomiro.
Amawerenga yekha,
nthawi zina n'kulakwitsa dala kuti aone ngati ndili maso.

Lachiwiri lapitali anaima patsogolo pa galasi langa.
Tepi inati masentimita awiri ndi theka.
Ndinayezanso, poti manja ankanjenjemera.
Awiri ndi theka.

Ndatenga kalumo, ndamasula ulusi wa zaka zitatu.
Mzere wakale ukuonekabe pansalu,
simbi yakana kuufufuta.
Ndimati ndibisepo ndi riboni,
Irmak akuti ayi, musiye uzioneka,
ndikaonetse Tolga.