Kalata Yachinayi

Ndinakulemberani katatu, Pulofesa Mudzingwa.
Yoyamba inali ya masamba asanu ndi limodzi,
yodzaza manambala ndi mizere yokwera nitsika
ngati miyala ya ku Domboshava.
Ndinaitumiza Lolemba m'mamawa,
jakaranda atangoyamba kulakatitsa maluwa pa galimoto lanu,
ndipo ndinadzimva kuti sukulu ndinapitadi.

Munayankha mawu awiri: "Tailandira, zikomo."

Yachiwiri ndinaikamo zithunzi.
Yachitatu ndinailemba ndili m'kombi ya ku Mufakose,
chala chikuterereka pa foni dalaivala akamazemba maenje,
koma mkwiyo wanganso unavala jekete
la mawu amene timamva awiri basi, ine ndi Anesu,
m'chipinda chapansi chopanda zenera chija
momwe makina amalira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini.

Inu simunaone mabatire atatupa ngati zitumbuwa.
Simunamve choziziritsira mpweya chikutsokomola usiku,
kapena kuona fani imene Anesu anabwereka kwa mlamu wake
itatsamira pa mpando wothyoka mwendo.

Anandiwongola ndi Mayi Gwatidzo, mlembi wanu,
akupukuta magalasi ndi nsonga ya mpango:
"Mwanawe, bambowa amawerenga chiimirire,
pakati pa msonkhano wa ndalama ndi maliro a wantchito.
Ukapita ndi mwana ku chipatala
umafuna dzina la kachilombo,
kapena kumva ngati agona kunyumba lero?"

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.
Ndinakudikirani pa masitepe.

"Magetsi akathima maola anayi Lachisanu,
zotsatira za mayeso zisowa,
malipiro a mwezi uno safika ku banki.
Pakufunika mabatire asanu ndi atatu. Mtengo ndi uwu.
Yankho ndilimve pofika Lachitatu."

Munaima, phazi limodzi lili m'malere.
"Bwanji osandiuza kale?"
Ndinameza malovu, pamodzi ndi makalata atatu.

Munatsika nane. Munavula jekete pakhomo,
kutentha kutakumenyani mbama.
Munagwira khoma, n'kuchotsapo dzanja msanga.
Kenako nanunso munaulula zanu:
kuti pamene munkati "konzani mwachangu"
munkatanthauza tsiku la madigiri lisanafike,
koma tsikulo simunalitchule;
kuti thumba si lanu, ndi la komiti yokumana Lachinayi,
anthu khumi ndi awiri, aliyense ndi denga lake lodontha.
"Ndipatse mawu oti ndikathe kuwasenza ndekha,
iwe kulibe."

Tinawalemba kuseri kwa lisiti, mizere inayi.

Mabatire anabwera anayi, osati asanu ndi atatu.
Lachisanu magetsi anapitadi, cha m'ma leveni,
Mount Pleasant yense zii,
majenereta akuyamba kukhosomola mmodzimmodzi.
Makina athu sanaphethire.
Palibe anatithokoza, poti palibe anadziwa,
ndipo Anesu anabweza fani ya eni ake.

Tsopano Lachiwiri lililonse ndimakwera kwanu,
mphindi khumi, tiyi osamwa.
Lilime limanditererabe nthawi zina,
n'kuyamba kutchula mayina a nthambo ndi mabokosi.
Inu mumangokweza cholembera:
"Nachisale, zimenezo zikutanthauzanji
kwa mwana wa chaka choyamba
amene wayenda kuchokera ku Dzivarasekwa
kudzaona ngati wakhoza?"

Ndimayambiranso.
Za mabatire anayi otsala aja
ndidzakukumbutsani sabata yamawa.