Zimene Ndimeyi Sinanene

Laibulale ya ku El Paso imatseka naini koloko.
Ndatsala ndi mphindi zisanu ndi ziwiri,
pensulo yotafunidwa kumutu,
ndi funso la nambala 14:
"Mwa mfundo izi, ndi iti imene mlembi angavomereze?"

Ndimeyi ikuti aphungu ndiwo amalengeza nkhondo,
pulezidenti ndiye amalamula asilikali.
Pakati pa ziganizo ziwirizi pali kampata koyera,
kochepa ngati chikhadabo.
Mchimwene wanga Anselmo anadutsira pomwepo
ndi chikwama chobiriwira, mwezi wa Malichi,
popanda wina kulengeza kanthu.

A akukokomeza: mawu oti "nthawi zonse" ndi msampha.
Ndamudula.
B akunena zoona, koma mlembi sanazilembe.
Aphunzitsi athu, Mayi Okerlund, amati:
zimene ukudziwa uzisiye pakhomo ngati ambulera yonyowa,
ulowe ndi maso okha.

Ndiye ndasiya panja foni yolira pakati pa usiku,
mawu ake odukaduka,
amayi akusita malaya opanda wowavala.

Kwatsala C ndi D.
C akuti mphamvuzi anazigawa dala
kuti chala chimodzi chisawombe mfuti chokha.
D akuti kugawako kumaletsa nkhondo.
D ndikumufuna. Ndamuyang'ana nthawi yaitali.

Ndadetsa kabwalo ka C mpaka pepala kunyezimira.
Kumapeto kwa buku, mayankho akuti ndakhoza.
Mlonda akuzimitsa magetsi, mzere ndi mzere,
kuyambira ku mashelefu a mbiri yakale.