Mawu Zana a Khoma la a Herminia

Aphunzitsi athu a Lachinayi madzulo, bambo Fermín,
anatipatsa ntchito yooneka yopepuka:
chinthu chimodzi, mawu zana,
koma liwu loti "chokongola" musaliyandikire n'komwe.
Ine ndinasankha khoma la a Herminia
poti lili pomwepa, kutsidya kwa makwerero.
Ndaliyang'ana zaka makumi atatu
paphiri lino la Valparaíso.

Ndinalemba Lolemba usiku.
Mawu ankathamanga ngati ana oweruka kusukulu.
Ndinati khomalo ndi la mtundu wa nyanja yam'mawa,
ndinati malata ake anabwera m'mimba mwa sitima zakale.
Atatsala atatu okha kuti akwane zana,
kompyuta inangoti zii.
Kagudumu kaja kanayamba pakati pa sikirini,
zungulire, zungulire,
ngati galu wofuna pogona koma osagona.
Kenaka uthenga: dikirani, tikukonza zina ndi zina.
Wakupemphani ndani?

Itadzuka, tsamba linali mbee.

Ndinaimbira Iñaki ku Santiago.
"Azakhali, munasunga?"
Kusunga! Ine amene ndinasunga mapepala a katundu kudoko
mpaka tsitsi kuyera,
osataya ngakhale lisiti la misomali.
"Ayi, ndikunena batani lija lakumanzere."
Batani lakumanzere linafa mwezi wa Juni
tsiku limene mphaka anagubuduza tiyi,
ndipo chilembo cha r chimachita kufuna kupembedzedwa.
Mwanayo anaseka.
Kumbuyo kwake basi inkaliza hutala,
kenaka foni nayo inatha moto.

Lachiwiri ndinayesa kuwakumbukira mawu anga.
Anakana.
Ndinangotsala ndi "nyanja" ndi "sitima",
mafupa awiri m'mbale yopanda msuzi.

Lachitatu ndinatenga pensulo
ndi pepala la bilu ya magetsi,
n'kukakhala pa sitepe yachisanu, mawondo akulira.
Chikepe chokwera phiri chinkakukuta mano kumunsi.
Mphepo yamchere inkafuna kundilanda pepala.

Ndiye ndinayang'ana.

Abale, ndinanama.
Khomalo silifanana ndi nyanja olo pang'ono.
Ndi la mtundu wa beseni lakale losambitsira mwana,
ndipo pamene penti yasenda
pakusuzumira chikasu cha eni nyumba oyamba.
Pansi pa msomali uliwonse dzimbiri latsika
ngati tiyi wotsetsereka kunja kwa kapu.
Lata lachitatu kuchokera pakhomo linapindika
usiku wa chivomezi chija,
palibe analiwongola,
tsopano mpheta yamangapo.
Pafupi ndi paipi pali nambala ya foni
ya Nibaldo wogulitsa gasi,
amene tinamuika m'manda dzinja lapita,
ndipo zisanu zake zonse n'zopendekera kutsogolo
monga ankayendera mwiniwake atasenza botolo.

Zaka makumi atatu.
Ndinkayang'ana chiyani ine?

Zenera linatseguka.
"Eulalia, mwataya chiyani pamenepo?"
"Mawu."
"Akagwera kwanga ndiwasesera kumodzi ndi nthenga."
Anatsekanso. Fungo la anyezi linatsalira panja.

Lachinayi sindinayatse kanthu.
Ndinapita ndi pepalalo momwemo,
lopindika, lothimbirira ndi chala changa.
Bambo Fermín anawerenga ndi milomo yokha,
kenaka anawerengera ndi nsonga ya cholembera.
"Zana ndi makumi anayi. Mwapitirira."
Ndinati dulani.
Anayang'ana, anayang'ananso,
anaika cholembera pansi.
"Zisanu zopendekerazo zikhale," anatero.
Atatembenuza pepala anakweza nsidze:
"Koma magetsi simunalipire, mayi."

Ndinakwera makwerero mdima utagwa,
ndikupuma pa sitepe yachisanu iliyonse.
Kunyumba ndinapeza mphaka atagona pa kompyuta yofunda
imene inadziyatsa yokha, sindikudziwa nthawi yanji.
Pasikirini panali uthenga wonyada:
zonse zakonzeka, takulandirani.
Pansi pake, tsamba lathunthu la mphakayo,
rrrrrrrrrrrrrrr,
mpaka mzere womaliza.

Zimenezo inasunga.